Mtanda Umene Ukukonzedwabe

Kuseri kwa nyumba yanga ku George, komboni ya mu Lusaka, kuli kashedi ka malata atatu. M'kashedimo muli benchi ya ukalipentala imene palibe amaigwiritsanso ntchito, ndipo pabenchipo patsamira mtanda wa kumanda. Alendo amene amapita kuseriko kukasamba m'manja amabwerako nkhope zitasintha. Aulemu amangokana tiyi. Opanda manyazi amafunsa kuti mtanda wa kumanda ukutani pakhomo pa anthu amoyo. Ndimawayankha monga ankayankhira atate anga, kuti ukukonzedwa. Padutsa zaka zoposa makumi atatu ukukonzedwabe, ndipo ine sindiona kuti ndinanamizapo munthu.

Atate anali kalipentala wochokera kum'mawa, cha ku Katete. Ntchitoyo anaiphunzira pa mishoni, m'manja mwa bulazala wina wa ku Falansa, wamfupi, wosuta kaliwo, amene Chichewa chake chinkatulukira m'mphuno. Bulazalayo ankati kwawo ndi ku Buletanyi. Moyo wawo wonse atate ankapsa mtima munthu akamva ngati anena kuti Buliteni. Ankati uko n'kwa mfumukazi, kwa anthu a tiyi, pamene kwawo kwa bulazala n'kwa asodzi osauka a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kumene kumagwa mvula yosakata ndipo miyala ndi yambiri kuposa mitengo. Ankafotokoza ngati anakhalako, chikhalirecho ulendo wawo wautali kwambiri unali wa basi yochoka ku Katete kufika ku Lusaka.

Pakhoma la nyumba yopalira matabwa, bulazalayo anakhomapo zithunzi ziwiri za mtanda umodzi. Unali wa mwala, wautali kuposa munthu, wakuda ndi ndere, utaima pakati pa manda a m'mudzi wa kwawo. Chithunzi china chinkaonetsa kutsogolo, kumene kunali Yesu wopachikidwa. Chinacho chinkaonetsa kumbuyo, kumene kunali Mariya ataima, manja ali pachifuwa. Bulazala ankati palibe akudziwa dzina la amene anausema, pakuti ngakhale agogo a agogo ake anaupeza uli pomwepo. Koma mudzi wonse unkautsuka, kuupalira ndi kuuyesa wawo, ndipo munthu wa kumeneko akapita kutali, chimene ankachisowa poyamba chinali mtandawo. Atate anauyang'ana zaka zinayi akuphunzira ntchito, mpaka unawalowa m'manja.

Anabwera ku Lusaka ndi amayi ine ndili kumsana. Amayi ankagulitsa tinsomba ta kapenta ndi nyemba pamsika wa Matero. Anali munthu woseka mokweza, wa mphini zitatu m'mbali mwa diso lililonse, zimene anawatema ali mwana chifukwa cha mutu wosamva mankhwala. Anamwalira ine nditakwatiwa kale, nthawi imene buledi ankapezekabe m'sitolo popanda kumenyanirana. Tinawaika ku manda aakulu a mzinda, kumene anthu amagona m'mizere monga afikira, osati monga kumudzi kumene aliyense amagona pafupi ndi abale ake. Pamtumbira pankazikidwa kachitsulo ka nambala, ndipo achibale ankawonjezerapo kamtanda ka matabwa awiri okhomedwa ndi msomali. Atate anati mkazi wawo sangagone pansi pa matabwa a kabokosi ka sopo.

Anatulutsa thabwa lochindikala la mlombwa, umene kuno timati mukwa, limene anakhala akulisunga kunsi kwa bedi osauza munthu ntchito yake. Mwezi wathunthu analigwira ndi sompho, tchizulo ndi kampeni kamene anakasula okha. Tsiku lokazika mtandawo tinapita ndi a mphakati wathu. Atauvundukula, anthu anayamba kuuzungulira, chifukwa sanaonepo mtanda wa nkhope ziwiri. Mkulu wina wa mpingo, munthu wodziwa malamulo onse ngakhale amene sanalembedwe, anati mtanda ulibe kumbuyo, ndipo n'kupanda ulemu kuika Mariya moyang'ana kutchire. Atate anapitiriza kupondaponda dothi.

“Mwana akakhala pamavuto, amake amaima kumbuyo kwake,” anatero. “Kapena kwanu amaima kuti?”

Mkuluyo anakhosomola n'kuyambitsa nyimbo.

Maliro atatha tinawatenga atate kudzakhala nafe ku George. Amuna anga ndi Mubemba wa ku Kasama, ndipo nthawiyo ankagwira ntchito pa fakitale ya mabulangete. Ndi munthu wosaopa agalu, ndewu ngakhale apolisi, koma za kumanda amanjenjemera nazo. Akachoka ku maliro nsapato amazisiya panja masiku awiri. Atate, pokhala apongozi awo, ankawalemekeza mwa chikwawo, ndiye kuti sankawayang'ana m'maso ndipo mawu aakulu ankawadutsitsa mwa ine, ngakhale onse awiri akhale pa mphasa imodzi. Anawamangira kachipinda ndi kashedi kaja, ndipo atate anayamba kupanga mipando ndi makabati a anthu a m'komboni.

Kenako zinthu zinayamba kuthina. Mkuwa unagwa mtengo, kwacha inapepuka, ndipo m'masitolo munatsala mashelefu ndi ogulitsa ongoyasamula. Tinaphunzira kuima pamzere tisanadziwe chimene chikugulitsidwa kutsogoloko. Ukamva mphekesera yoti kwabwera saladi, ndiye mafuta ophikira, unkasiya mphika pamoto n'kuthamanga. Sindinganene kuti tinali anthu achisoni. Pamizere imeneyo ndi pamene ndinapeza anzanga amene ndili nawo mpaka lero, ndipo tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma makala anakwera, palafini anasowa, ndipo mbaula simva nthabwala. Ine ndinaphikapo ndi utuchi wa atate, zitsononkho, ngakhale zidutswa za nsapato zakutha. Makabati anthu anasiya kugula, atate n'kutsala ndi ntchito yolumikiza miyendo ya mipando yothyoka.

Chaka china mu Okutobala tinapita ndi makasu kukalambula manda, kukonzekera tsiku limene ansembe amadzadalitsa mitumbira. Tinali atatu: atate, ine ndi mayi wina wamasiye woyandikana nafe nyumba, amene amuna ake anagona mizere ingapo kuchoka pa amayi. Titalowa ndinayesa tasokera. Malo amene kale ankaoneka ngati munda wa mitanda anali mbee. Timitanda ta matabwa tinali titazulidwa kukasonkhera moto, ndipo tizitsulo ta manambala tinali titapita kwa ogula zitsulo zakutha. Panatsala mitumbira yofanana ngati mizere ya mbatata, ndi timaenje pamene panali mitanda.

Mayi uja anayenda uku ndi uku, khasu lili paphewa. Ankati amuna ake anali pafupi ndi mtanda wobiriwira, kumanzere kwa wina wolembedwa ndi utoto woyera, koma zonsezo kunalibe. Anawerenga mitumbira kuyambira kumsewu, n'kuyambiranso, nambala n'kumasiyana. Pomaliza anasankha mtumbira umodzi, anaulambula, n'kugwada. Akupemphera ndinamumva akupepesa kwa mwini mtumbirawo ngati si amuna ake. Zimenezo zinandilasa mtima kuposa maliro enieniwo, ndipo ndinadziuza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wathu unalipo. Unaima wokhawokha m'chigawo chonsecho, utapendekeka pang'ono. Chimene chinaupulumutsa ndi nzeru ya atate, pakuti tsiku louzika anakhoma thabwa lopingasa kunsi kwake n'kulikwirira, kotero kuti wougwedeza ankalimbana ndi nthaka yonse. Koma munthu wina anali atabwera ndi nkhwangwa. Kunsi kwa mapazi a Mariya kunali bala lakuya, lofiira, loti chala n'kulowa. Kaya anamva anthu akubwera, kaya anayang'ana nkhopeyo mtima n'kumugunda, sindikudziwa. Ine ndinatukwana mawu amene sayenera kunenedwa kumanda. Atate anandileka mpaka ndinatopa, kenako anati amene anachita zimenezi anali ndi ana ofuna phala, monga ine. Anasisita balalo n'kunena kuti kwawo kwa bulazala anthu si abwino kuposa ife, kungoti mwala suyaka.

Pobwerera tonse tinkadziwa kuti mtandawo sufika Khirisimasi. Koma kuuchotsa kunali kuwataya amayi, chifukwa mvula ziwiri zikanakwana kuti mtumbira wawo ufanane ndi ina yonse, ine n'kudzagwada pa mlendo monga anachitira mnzanga. Titafika, atate anakhala pampando n'kunena kuti mtandawo ubwera kunyumba.

Amuna anga anali akumwa madzi, ndipo anatsamwa. Anatembenukira kwa ine, ngakhale atate anali pafupi moti akanatha kuwagwira bondo.

“Uwauze batata kuti nimawapasa ulemu maningi. Koma vinthu va kumanda sivingena pa nyumba yanga. Awe. Tili na bana pano.”

Ndinawauza atate zimene anali atamva kale. Iwo anayankha kudzera mwa ine momwemo, nkhope ili phee.

“Uwauze apongozi kuti sindikubweretsa za kumanda. Ndikubweretsa ntchito. Mtandawo watemedwa, ufunika kukonza. Mpando wa m'tchalitchi ukathyoka umabwera pano, ndipo palibe amanena kuti tchalitchi chalowa m'nyumba.”

Amuna anga anaganiza nthawi yaitali. Ndi munthu wa pafakitale, ndipo mawu akuti ntchito amawalemekeza. Pomaliza anavomera, koma anaika malamulo awo: mtandawo ukhale m'shedi, usayandikire khomo la nyumba, ndipo tsiku limene udzathe kukonzedwa udzabwerere kwawo dzuwa lisanalowe. Atate anati zimenezo n'zoona, kalipentala sasunga katundu wa eni ake ntchito ikatha. Ine ndinafunsa za mtumbira wa amayi. Atate anandiuza kuti ndidekhe.

M'mawa mwake anakwera lole ya anthu a makala yopita cha ku Chongwe, ndipo anabwerako tsiku lachiwiri atasenza mtengo wauwisi, wonenepa ngati mkono wa munthu, wautali kufika pachifuwa. Unali mlombwa. Podulidwapo pankatuluka utomoni wofiira ngati magazi, umene unawathimbiriritsa malaya. Nditamva kuti chimenechi ndicho chikalowe m'malo mwa mtanda, ndinakwiya. Ndinati amayi anagulitsa kapenta zaka zonsezo kuti adzagone pansi pa chikuni ngati mbuzi yomangidwa? Atate anangoti nkhuni yaiwisi palibe amaiba, chifukwa ngakhale wanjala amadziwa kuti ingomufukiza utsi.

Tinabwereka wilibala. Kumanda tinakumba, kuzula mtanda, n'kuzika mtengo uja pamalo pomwepo. Atate anamangirira kamtengo kopingasa ndi luzi kuti uoneke ngati mtanda, anathira madzi a m'chigubu, n'kuwauza amayi mwachidule zimene tikuchita, ngati akuwauza kuti atuluka pang'ono abweranso. Mtandawo tinaukulunga m'zitenje ziwiri n'kuugoneka pa wilibala. Masiku amenewo munthu sunkayenda ndi katundu wokutidwa popanda kulondoledwa. Tisanafike n'komwe ku Matero tinali ndi amayi anayi pambuyo. Mmodzi analimba mtima n'kutigwira.

“Batata, n'chani chabwela? Ni sopo olo shuga? Mwagula kuti?”

“Ndi Yesu,” anatero atate, osaimitsa wilibala.

Mayiyo anakweza nsonga ya chitenje, anaona mapazi okhomedwa msomali, n'kubwerera chambuyo akudzilemba chizindikiro cha mtanda. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu, ndipo kanali koyamba kuseka chichokere kumanda tsiku lija.

Ntchito yokonza inayamba bwino. Atate anachotsa thabwa la kunsi, anapala pamene chiswe chinayamba kulawa, n'kupaka oilo wakuda wa galimoto. Patatha mwezi amuna anga anandituma kukafunsa ngati ntchito yatha. Yankho linali lakuti pakufunika guluu wabwino, ndipo guluu m'dziko munalibe. Zinali zoona. Patatha miyezi itatu anati akudikira vanishi, ndipo vanishi nayenso munalibe. Kusowa kwa zinthu kumene kunkatiliza tonse, atate kunawakhalira bwenzi. Amuna anga ankachita kufufuza okha m'masitolo a m'tauni, n'kubwerako akugwedeza mutu kuti mdalayo sakunama.

Mvula ya chaka chimenecho itagwa kawiri katatu, ndinapita ndekha kumanda ndili ndi mantha. Mtengo uja unalipo. Luzi linali litaola ndipo kopingasa kaja kanagwa, koma kumutu kwake kunali timasamba tanthete tobiriwira. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru. Ndinali nditaiwala, kapena sindinadziwepo, mwana wokulira m'tauni ine, kuti mlombwa ukauzika wauwisi umaphuka, ndipo kumudzi amamangira mipanda yamoyo. Ndinathamangira kunyumba kukawauza atate. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti madzi ndi onyowa, koma tsiku lonselo ankaimba muluzu.

Mtengowo unakula mwa ulesi wake. Wina anayesapo kuutema, koma mtengo wotuluka magazi pakati pa manda palibe amautema kawiri. Patapita zaka unayamba kuchita maluwa achikasu mvula isanagwe, ndiponso zipatso zake zozungulira zaminga pakati. Anthu a m'chigawocho anayamba kuwerengera mitumbira ya abale awo kuchokera pamenepo: mizere iwiri kumadzulo kwa mukwa, wachisanu kumanja. Ngakhale mnzanga wamasiye uja anakumbukira kuti amuna ake anali mizere itatu kuchoka pa amayi, ndipo anapeza kuti chaka chija anaphonya ndi mtumbira umodzi wokha. Kuyambira pamenepo ankalambula yonse iwiri, ati winayo anazolowerana naye.

Fakitale ya mabulangete inayamba kuchotsa anthu, ndipo amuna anga anali m'gulu loyamba. Munthu wozolowera kudzuka ndi belu anasowa kopita. Poyamba ankakhala pakhonde, kenako pakona ya nyumba, ndipo tsiku lina ndinawapeza ali m'shedi, atagwirira mwendo wa mpando pamene atate akukhoma, msana atautembenuzira mtanda. Mwezi wotsatira anali atasiya kuutembenuzira msana. Anayamba kulankhulana okha osadzera mwa ine, zimene zinandichotsera ntchito imene ndinkaikonda. Funso lija linasanduka moni wawo wa m'mawa. Amuna anga ankati, “Batata, nchito ija?” Atate ankati, “Yatsala pang'ono.” Kenako ankagawana fodya. Masitolo atadzazanso katundu wa kunja, amuna anga anagula kachitini ka vanishi n'kukaika pabenchi. Atate anakanunkhiza n'kunena kuti vanishi wa masiku ano ndi madzi okhaokha, angawononge thabwa.

Ine ndinachedwa kumvetsa. Ndinkayesa kuti atate akungoopa akuba. M'mawa wina ndikupita kukataya madzi ndinawamva akulankhula m'shedi, ndipo ndinayesa ali ndi kasitomala. Anali okha. Mtanda anali atautembenuza, Yesu kuyang'ana kukhoma, ndipo ankamuuza Mariya kuti nyemba zakwera mtengo, mwana wa uje wakwatiwa ndi kondakitala, bondo lawo layambanso. Atachoka ndinalowa ndi kansalu ngati ndikupukuta fumbi. Mtandawo ndinali nditauona kambirimbiri, koma nthawi zonse ngati chinthu chopatulika chimene suchiyang'anitsitsa. Tsikulo ndinauyang'ana pafupi. M'mbali mwa diso lililonse la Mariya munali timizere titatu, tating'ono ngati tolembedwa ndi chikhadabo. Milomo yake inali ya munthu amene akudziletsa kuseka m'tchalitchi.

Amayi sanajambulitsepo chithunzi chooneka bwino. Chimene tinali nacho ndi cha pa chitupa, pamene amaoneka ngati awagwira akuba nkhuku. Ndinakhala pa benchipo n'kulira, koma kunali kulira kokoma, kwa munthu amene wapeza chinthu chimene sankadziwa kuti anataya. Atate sindinawauze kuti ndaona, ndipo iwo sanandifunse chifukwa chake ndinayamba kupukuta fumbi m'shedi Loweruka lililonse.

Atakalamba kwenikweni, miyendo itakana kuwafikitsa kutchalitchi, kunkabwera wansembe wina wokalamba kudzawapatsa Ukaristia. Anali mzungu wa ku Falansa, mmodzi wa otsala ochepa. Tsiku lina anawapeza ali m'shedi, ndipo ataona mtandawo anaiwala chimene anadzera. Anauzungulira, anavula magalasi, anawavalanso. Anafunsa kuti anaphunzira kuti kusema chotere, ndipo atate atatchula Buletanyi, mkuluyo anakhala pansi pa chitini cha utoto. Kwawo kunali komweko. Anati mitanda yotere ikadalipo m'manda a midzi ya kwawo, mphepo ya kunyanja inaidya nkhope mpaka mphuno kusalala, koma anthu amaitchinjiriza ngati chuma, ndipo munthu sangaisunthe kapena kuigulitsa mwa kufuna kwake. Anati sanayembekeze kudzaona mdzukulu wa mitanda imeneyo ku George, kuseri kwa chimbudzi. Anaona mphini zija, anandiyang'ana, n'kukhala chete, ndipo ndinamukonda chifukwa cha chimenecho.

Kenako anapempha kuti mtandawo ukakhale m'tchalitchi, pamalo ouma, pamene anthu ambiri angauone. Ndinada nkhawa, chifukwa atate sankadziwa kukaniza wansembe.

“Ndikanakonda, abambo,” anatero. “Koma sunathe kukonzedwa.”

Wansembeyo anayang'ana bala la nkhwangwa lija, limene kalipentala aliyense akanalitseka tsiku limodzi, anayang'ananso kachitini ka vanishi kosatsegula, kadzimbiri. Anati akumvetsa, ntchito yabwino sifuna liwiro, ndipo ya kwawo nayonso akhala akuikonza chiyambire.

Atate anamwalira m'nyengo yozizira, mwakachetechete, atadya bwino dzulo lake. Sanathe kugona pafupi ndi amayi, chifukwa chigawo chija chinadzaza kalekale. Anawaika kutali, kumapeto kwa manda, kumene kunali thengo pamene tinkaika amayi. Tsiku lotsatira abale ochokera ku Katete anakhala pansi kugawa zinthu, ndipo nkhani ya mtanda inadzuka. Onse anagwirizana kuti mwini ntchito wapita, mtandawo ubwerere kumanda, kaya pa amayi kaya pa atate, chifukwa si bwino kuti uzikhalabe pakhomo. Zinali zomveka. Ndikanati chiyani, kuti Mariya ameneyu ndi amayi anga? Ndinadziwanso kuti mitanda ya matabwa inkasowabe kumandako, ndipo tsopano kunabweranso ena ofuna zosemasema zokagulitsa kwa alendo. Onse anatembenukira kwa amuna anga, eni nyumba, amene aliyense ankadziwa kuti anaulola mtandawo monyinyirika ndipo anaika lamulo loti udzachoke. Ndinayang'ana pansi, ndikutsanzikana ndi mtandawo mumtima.

Amuna anga anadzuka n'kulowa m'shedi, abale aamuna n'kuwatsata. Ine ndinaima pakhomo. Amuna angawo anaugwira mtandawo ndi manja awo, kanali koyamba kuwaona akutero. Anautembenuza, anawerama, n'kulowetsa chala m'bala lija, monga ankachitira atate poyesa ntchito ya munthu wina.

“Tinapangana na batata kuti ukasila kukonzewa uzabwelela,” anatero. “Onani apa. Nchito iyi ikalibe kusila. Siungayende.”

Malume wina anafunsa kuti nanga adzaimaliza ndani, popeza kalipentala wamwalira. Amuna anga anati zimenezo ndi za pakhomo pano, tidzaona. Anatenga chitini cha vanishi chija n'kuchisuntha pang'ono, ngati munthu amene ali ndi pulani.

Mu Okutobala tinapita awiri kumanda ndi chikwanje. Amuna anga, munthu wosiya nsapato panja masiku awiri, anakwera okha mumtengo wa amayi n'kudula nthambi yonenepa ngati mkono. Utomoni unawadonthera pa malaya ndipo sanadandaule. Tinainyamula kudutsa manda onse mpaka kumapeto, n'kuizika kumutu kwa atate. Inaphuka ndi mvula yoyamba. Lero mitengo iwiriyo imaonana pamwamba pa mitumbira, ndipo ikachita maluwa ndimatha kuiloza ndili m'minibasi.

Mtanda uli m'shedi. Loweruka ndimaupukuta, ndipo kamodzi pachaka amuna anga amaupaka oilo kunsi chifukwa cha chiswe. Nthawi zina m'mawa ndimautembenuza n'kuwauza amayi mtengo wa nyemba. Bala la nkhwangwa likadalipo, lada tsopano ndi zala zathu. Pakhomo pano palibe amene amadziwa ukalipentala, ndipo sitikufunafuna woudziwa.